Njinga Yamoto Ikamavuta Kutsogolo: Zomwe Foloko Imachita, Zomwe Siichita, ndi Mmene Mungaikonzere

Pali chisokonezo chomwe chimabuka kawirikawiri pakati pa anthu oyendetsa njinga zamoto. Munthu amadandaula kuti njinga yake imagwada kwambiri akagwira mabuleki, kapena kuti mahandulo amapukusa mutu akamachepetsa liwiro, ndipo malangizo oyamba omwe amalandira amakhala akuti agule foloko ya njinga ina yamphamvu, athire oyilo wokhuthala, kapena amange sipuling'i mpaka pamapeto. Iye amatsatira malangizowo ndipo ndalama zimapita, koma patatha masabata angapo njinga ija imakhala ikuchitabe zomwe inkachita, mwinanso itawonjezera khalidwe lina loipa. Zimenezi zimachitika chifukwa mkati mwa foloko muli zinthu zingapo zomwe chilichonse chili ndi ntchito yakeyake, ndiponso chifukwa mavuto ambiri omwe woyendetsa amawamva m'manja sachokera mu foloko n'komwe, amangodutsamo.

## Foloko ndi chiyani

Pa njinga zambiri zamoto, foloko ndi miyendo iwiri yomwe imagwira wilo la kutsogolo, ndipo mwendo uliwonse uli ndi mapaipi awiri, imodzi yolowa mkati mwa inzake monga mmene pampu yopopera matayala imalowerana. Kumtunda, miyendoyo imagwiridwa ndi makilampu awiri, yam'mwamba ndi yam'munsi, omwe amazungulira pa mabeling'i a pakhosi pa felemu. Kapangidwe kameneka si katsopano. Kampani ya BMW inaika foloko yolowerana yokhala ndi oyilo mkati pa njinga yake ya R12 mu 1935, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mfundo yake sinasinthe kwenikweni. Chomwe chinasintha cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'chakuti opanga njinga zothamanga anayamba kuitembenuza, paipi yonenepa n'kupita m'mwamba m'makilampu, yopyapyala n'kutsika ku wilo, pofuna kuti mbali yolimba ikhale pamalo pomwe mphamvu yopinda foloko imakhala yaikulu.

Ambiri amaganiza kuti ntchito ya foloko ndi kuteteza msana ndi manja a wokwera ku mabampu. Imeneyo ndi ntchito yake ndithu, koma yaikulu ndi kusunga tayala pansi. Malo omwe tayala limakhudza msewu ndi kachigamba kosaposa chikhatho cha munthu, ndipo kuima ndi kukhota konse kumadalira kachigamba kameneko. Tayala likadumpha ngakhale kwa kanthawi kochepa, mabuleki ndi mahandulo zimakhala zilibe pogwira. Vuto la foloko yolowerana n'lakuti imapatsidwa ntchito zitatu pa nthawi imodzi, kunyamula, kuwongolera ndi kulandira mphamvu ya mabuleki, ndipo mphamvu ya mabulekiyo imafuna kupinda mapaipi pa nthawi yomweyo yomwe akuyenera kutsetsereka momasuka. N'chifukwa chake BMW inabweretsa njira ina yotchedwa Telelever mu 1993, ndipo Honda inasiya foloko yolowerana pa njinga yake ya Gold Wing ya 2018. Komabe njinga zambiri zikadali ndi foloko yakale ija chifukwa ndi yopepuka, yosavuta kupanga, ndipo oyendetsa anazolowera mmene imawauzira zomwe tayala likuchita.

## Sipuling'i imanyamula, oyilo amaletsa liwiro

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Sipuling'i imanyamula kulemera, ndipo kulimba kwake kumayezedwa ndi makilogalamu ofunika kuti ifupike ndi milimita imodzi. Sipuling'i ya 0.9 kg/mm imafupika ndi 10 mm ikapsinjidwa ndi makilogalamu 9. Kulimba kumeneku kumachokera ku kunenepa kwa waya, kukula kwa mikombero ndi chiwerengero chake, moti palibe bawuti ya pa foloko yomwe ingakusinthe. Chosinthira chomwe chimakhala pa chitsekerero cha foloko, chomwe amachitcha kuti preload, chimangopsinjiratu sipuling'i wokwera asanakhalepo, ndipo zotsatira zake n'zakuti njinga imaima m'mwamba pang'ono kapena m'munsi pang'ono. Munthu wolemera makilogalamu 110 yemwe wakwera njinga yokhala ndi masipuling'i oyenera munthu wopepuka akhoza kumanga preload mpaka pamapeto, koma akagwira mabuleki mwamphamvu foloko idzafikabe pansi, chifukwa milimita iliyonse yowonjezera ikufunabe makilogalamu omwe aja.

Sipuling'i payokha siidziwa kuima. Ikapsinjidwa n'kusiyidwa imadumpha, n'kubwerera, n'kudumphanso. Chomwe chimailetsa ndi oyilo yemwe amakakamizidwa kudutsa m'timabowo nthawi iliyonse foloko ikamalowa kapena kutuluka, ndipo ntchito imeneyi imatchedwa damping. Aliyense amene anaonapo chitseko chokhala ndi kachipangizo kopangitsa kuti chizitsekeka pang'onopang'ono osamenyetseka waona kale mfundo yake. Kuletsako kuli mbali ziwiri: kuletsa foloko ikamalowa, komwe ndi compression, ndi kuletsa ikamabwerera, komwe ndi rebound. Chofunika kumvetsa n'chakuti oyilo sanyamula kanthu. Iye amangosankha liwiro lomwe foloko ilowere kapena kubwererera, osati malo omwe iimire.

Njinga zotsika mtengo ndi zambiri zakale zimagwiritsa ntchito kandodo kokhala ndi mabowo a kukula kosasintha, kotchedwa damping rod. Mabowo otere ali ndi khalidwe lomwe mungalimve pa sirinji yodzaza madzi: mukakankha mofatsa madzi amatuluka mosavuta, koma mukakankha mwadzidzidzi sirinji imalimba ngati mwala. Liwiro la oyilo likawirikiza kawiri, mphamvu yoletsa imawirikiza pafupifupi kanayi. Motero foloko yotere imakhala yofewa mopitirira pa kuyenda kwa pang'onopang'ono, monga kugwada kwa pogwira mabuleki, koma imauma gwa ikagunda m'mphepete mwa dzenje. Mwini njinga akamanena kuti foloko yake ndi yofewa komanso yolimba sakudzitsutsa ayi, akunena zoona. Ndipo akathira oyilo wokhuthala kuti athetse kugwada, amakhala akuwonjezera kuuma kwa pa mabampu.

Mafoloko amakono amathetsa zimenezi ndi kachubu kamkati kotchedwa cartridge. M'kachubumo mabowo amavundikiridwa ndi timbale tachitsulo topyapyala kwambiri tosanjikizana, tomwe timapindika oyilo akakankha mwamphamvu, n'kutsegula njira yaikulu. Foloko ikamayenda mofatsa timbaleto timakhala totseka ndipo oyilo amadutsa m'kabowo kakang'ono, moti njinga siigwada msanga. Ikagunda bampu lakuthwa timatseguka ndipo wilo limakwera momasuka.

Palinso chinthu chachitatu chomwe chimaiwalidwa, chomwe ndi mpweya wotsala pamwamba pa oyilo. Foloko ikamalowa mpweyawo umapanikizika n'kukhala ngati sipuling'i yachiwiri, yomwe siimveka poyamba koma imalimba msanga cha kumapeto. Kukweza mulingo wa oyilo ndi 10 mm kumachepetsa mpweyawo ndipo kumathandiza foloko yomwe imagunda pansi, popanda kusintha mmene imamvekera pa mabampu ang'onoang'ono. Mulingowu umayezedwa kuchokera pamlomo wa paipi, nthawi zambiri sipuling'i itachotsedwa ndipo foloko italowetsedwa yonse, ndipo uyenera kufanana ndi zomwe buku la njingayo likunena pa mwendo uliwonse. Oyilo akachuluka mopitirira, foloko siitha kulowa yonse ndipo masili, omwe ndi timphira totsekera oyilo, amayamba kudontha.

## Kuyeza musanagule chilichonse

Muyezo woyamba ndi wa mmene foloko imatsikira wokwera akakhalapo atavala zonse zomwe amavala paulendo, ndipo umatchedwa sag. Pa njinga za pamsewu kutsikaku kumayenera kukhala pakati pa gawo limodzi mwa magawo anayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse womwe foloko imatha kulowa, kutanthauza 30 mpaka 40 mm pa foloko yolowa 120 mm. Kutsikako n'kofunika chifukwa msewu suli ndi zitunda zokha, ulinso ndi maenje, ndipo wilo liyenera kukhala ndi mpata wotambasukira m'dzenje.

Ntchitoyi imafuna anthu atatu: wokwera, wogwira njinga kuti isagwe, ndi woyeza. Choyamba wilo limanyamulidwa kuti foloko itambasuke yonse, ndipo paipi yonyezimira yomwe ikuoneka imayezedwa. Tinene kuti yakwana 130 mm. Kenako wokwera amakhalapo mapazi ali pa zopondera, woyeza n'kukankhira kutsogolo kwa njinga pansi ndi kukusiya kukwere pang'onopang'ono, n'kuyeza. Tinene 90 mm. Kachitatu amakukokera m'mwamba n'kukusiya kutsike mofatsa. Tinene 100 mm. Pakati pa 90 ndi 100 pali 95, ndipo 130 kuchotsapo 95 kumatsala 35 mm, yomwe ndi sag yabwino. Koma kusiyana kwa miyezo iwiri ija kukunenanso kanthu kena. Foloko yopanda kukhuzana kulikonse ikanaima pamalo amodzimodzi maulendo onse awiri, choncho 10 mm imeneyo ndi muyezo wa kukakamira kwa mapaipi. Kusiyana kosapitirira 15 mm n'kovomerezeka, koma kukafika cha m'ma 40 mm ndiye kuti pali paipi yopindika, mabushi otha (timphete ta mkati tomwe mapaipi amatsetserekapo), kapena miyendo yomwe siinayang'anizane, ndipo kugula masipuling'i apamwamba zinthu zili choncho n'kutaya ndalama.

Ngati sag yoyenera ikupezeka pokhapokha preload itamangidwa yonse, ndipo njinga ikaima yokha popanda munthu kutsogolo kwake sikutsika n'komwe, masipuling'iwo ndi ofewa kwa wokwerayo. Njira ina yosavuta ndi kumanga kachingwe kapulasitiki komangira mawaya kuzungulira paipi yonyezimira, kukakankhira pafupi ndi sili, kenako kupita kukayenda ndi kugwira mabuleki mwamphamvu kangapo pamalo opanda magalimoto. Pobwera, kachingweko kamakhala katatsalira pomwe foloko inalowa kwambiri. Kakapezeka pamapeto penipeni, foloko ikugunda pansi. Kakatsala kutali ndi mapeto, gawo lina la foloko silikugwiritsidwa ntchito.

## Zizindikiro, ndi komwe zimachokera

Malo oyambira kufufuza ndi matayala, ngakhale kuti eni njinga sakonda kumva zimenezi. Tayala la kutsogolo lochepa mpweya limapangitsa mahandulo kulemera ndiponso njinga kufuna kudzuka pakati pa khona. Tayala lomwe latha mosalingana, lokhala ndi timapiri ndi timaenje tomwe timamveka mukalisisita ndi dzanja, ndilo limayambitsa kawirikawiri kupukusa kwa mahandulo pochepetsa liwiro. Tayala la kumbuyo lomwe laphwathalala pakati chifukwa choyenda mtunda wautali mowongoka limachititsa kuti njinga izikana kupendekeka kenako n'kugwera m'khona mwadzidzidzi. Zonsezi zimamveka m'manja, ndipo foloko imapatsidwa mlandu womwe siinapalamule.

Chachiwiri ndi mabeling'i a pakhosi. Nyamulani wilo la kutsogolo, gwirani handulo ndi zala ziwiri zokha, ndipo muiyendetse mofatsa kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ikafika pakati n'kukhala ngati yagwera m'kadzenje, moti mukufunika kuikankha pang'ono kuti ichokemo, ndiye kuti mabeling'iwo adindika pamalo pomwe njinga imakhala ikamayenda mowongoka. Njinga yotere imayenda mozembazemba pa liwiro lochepa, chifukwa woyendetsa amalephera kupanga timakonzedwe ting'onoting'ono tomwe timaisunga chilili. Mabeling'i omasuka amagogoda mukagwira buleki, pomwe omangitsa amalemeretsa mahandulo. Muli pomwepo, gwedezani wilo cham'mbali kuti mumve mabeling'i ake, ndipo muone ngati pa mapaipi pali mkombero wa oyilo. Sili yodontha si nkhani yoti idikire, chifukwa oyilo akatsikira pa disiki ndi mapadi, buleki ya kutsogolo imatha mphamvu.

Njinga yomwe inagwapo, ngakhale itangogwa ili chiimire, nthawi zambiri imakhala ndi miyendo yopotoka m'makilampu, moti mahandulo amaloza pambali pang'ono wilo lili lowongoka. Kaŵirikaŵiri palibe chopindika. Kumasula mabawuti a kilampu yam'munsi ndi a ekiselo (chitsulo chodutsa pakati pa wilo), kukankhira foloko pansi kangapo kuti zonse zidzipezere malo, kenako kumanganso motsatira buku, kumathetsa vutoli. Mabawuti amenewa ayenera kumangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, makamaka pa foloko yotembenuzidwa, chifukwa kilampu yam'munsi ikamangitsa imafinya paipi yakunja ndipo bushi ya mkati imakakamira podutsa pamenepo.

Kugwedezeka kwa njinga kuli mitundu iwiri yomwe anthu amaisokoneza, ndipo katswiri wa ku Britain Robin Sharp anaifotokoza mwa masamu mu 1971. Woyamba, wotchedwa wobble, ndi kupukusa kwa mahandulo ndi wilo la kutsogolo mofulumira, maulendo pafupifupi 6 mpaka 10 pa sekondi imodzi. Wachiwiri, wotchedwa weave, ndi kudzipinda kwa njinga yonse ngati njoka, maulendo pafupifupi 2 mpaka 4 pa sekondi, ndipo umabwera pa liwiro lalikulu. Woyambayo amaloza ku tayala la kutsogolo, mabeling'i a pakhosi ndi kupepuka kwa kutsogolo. Wachiwiriyo amaloza kumbuyo, ku shoko (chipangizo cholandira mabampu kumbuyo) yotha, mabeling'i a mkono wogwira wilo la kumbuyo, kapena katundu wolemera yemwe waikidwa kupitirira ekiselo ya kumbuyo. Kusiyanitsaku kuli ndi phindu lenileni, chifukwa kachipangizo koletsa mahandulo kupukusa, komwe ambiri amathamangira kugula, kamachepetsa mtundu woyamba koma kakamangidwa kwambiri kakhoza kukulitsa wachiwiri.

## Kutalika kwa foloko kumasintha kakhotedwe

Khosi la njinga ndi lopendekeka, ndipo mzere wongoyerekeza wodutsa pakati pa khosilo umakafika pansi patsogolo pa malo omwe tayala likukhudza msewu. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa umatchedwa trail, ndipo ndi womwe umachititsa wilo kudziwongola lokha, monga mmene timawilo ta mpando wa mu ofesi timatembenukira kutsatira komwe mpando ukukankhidwira. Njinga zothamanga zimakhala ndi khosi lopendekeka madigiri pafupifupi 24 ndi trail ya cha m'ma 100 mm, pomwe njinga zazitali zoyendera mofatsa zimafika madigiri 30 kapena kuposa. Kutsogolo kukatsika, kaya chifukwa mapaipi akwezedwa m'makilampu, masipuling'i afooka, kapena kumbuyo kwakwezedwa, trail imachepa ndipo njinga imakhota msanga koma imataya bata. Kutsogolo kukakwera, njinga imakhazikika koma imafuna kutuluka kunja kwa khona. Mamilimita 5 okha amamveka kwa munthu wodziwa njinga yake. Pachifukwa chimenechi munthu yemwe waika masipuling'i olimba kutsogolo n'kusiya shoko yotopa kumbuyo amadabwa kuti njinga yayamba kuuma khosi, chonsecho foloko ikugwira bwino kuposa kale.

## Kukonzanso foloko, kuyambira pa chotsika mtengo

Oyilo wa mu foloko amatha ngati oyilo wina aliyense. Amene anatsegulapo foloko yomwe yakhala zaka zambiri osakhudzidwa amadziwa zomwe zimatuluka: madzimadzi otuwa, onunkha, okhala ndi fumbi la chitsulo lonyezimira pansi pa chidebe. Kutsuka mkati, kusintha masili ndi mabushi, ndi kuthira oyilo watsopano pa mulingo woyenera kumabwezeretsa foloko momwe inalili, ndipo kwa anthu ambiri kusinthako kumakhala kokwanira. Chenjezo n'lakuti manambala a pa botolo monga 5W, 10W ndi 15W safanana pakati pa makampani, moti 10W ya kampani ina ikhoza kukhala yopyapyala ngati 5W ya inzake. Nambala yodalirika ndi ya cSt, muyezo wa kukhuthala kwa oyilo, pa kutentha kwa madigiri 40 Celsius, yomwe opanga ambiri amailemba. Potsegula, kumbukirani kumasula kilampu yam'mwamba musanayese kutsegula chitsekerero, ndiponso kuti pansi pa chitsekererocho pali sipuling'i yopsinjika yomwe ikhoza kuchiponya kumaso.

Chotsatira ndi masipuling'i ogwirizana ndi kulemera kwa wokwera, ndipo m'kuona kwanga palibe kusintha kwina komwe kumabweza phindu lalikulu chotere pa ndalama zochepa. Pali mkangano wakale pakati pa okonda masipuling'i a kulimba kofanana ponseponse ndi okonda omwe amayamba mofewa n'kumalimba akamafupika. Oyambawo amati ndi osavuta kuwagwirizanitsa ndi damping, ndipo mpweya wa mu foloko ukuchita kale ntchito yolimbitsa kumapeto. Enawo amati masipuling'i osinthasintha amathandiza njinga yomwe lero yanyamula munthu mmodzi, mawa awiri ndi katundu. Mbali zonse zili ndi mfundo, kutengera ntchito ya njingayo.

Pa foloko ya damping rod pali kavavu komwe kampani ya Race Tech ya ku America, yomwe inayambitsidwa ndi Paul Thede, imagulitsa pa dzina la Gold Valve Cartridge Emulator. Kavavuko kamakhala pamwamba pa kandodo, pansi pa sipuling'i, ndipo mabowo akale a compression amakulitsidwa ndi dirilo kuti asamaletsenso kanthu, ntchito yonse n'kupita ku kavavuko komwe kamatseguka bampu likakhala lakuthwa. Rebound imatsalabe m'manja mwa kukhuthala kwa oyilo. Pamwamba pa zimenezi pali ma cartridge athunthu olowetsa mu foloko yakale, opangidwa ndi makampani monga Öhlins ya ku Sweden, yomwe Kenth Öhlin anaiyambitsa mu 1976, ndipo amenewa amabwera ndi zosinthira zakunja.

Zosinthirazo zimafuna kudekha. Zimawerengedwa kuchokera potseka, kutanthauza kuti mumapotoza mofatsa mpaka ziime, osakakamiza chifukwa nsonga ya singano ya mkati imawonongeka, kenako n'kubwerera mukuwerenga kulira kwake. Lembani pomwe mwayambira, sinthani chinthu chimodzi ndi kulira kuwiri kokha, ndipo yendani msewu womwewo. Rebound ikachepa, kutsogolo kumadumpha mukasiya buleki ndipo njinga imatuluka kunja kwa khona. Ikachuluka, foloko siimaliza kubwerera bampu lina lisanafike, moti pa mabampu otsatizana imatsikiratsikira mpaka kukagwira ntchito cha kumapeto komwe ndi kolimba. Wokwera amamva kuuma ndipo amafewetsa compression, pomwe chofunika chinali kumasula rebound.

Kusamutsa foloko yonse kuchokera ku njinga ina ndi ntchito yaikulu kuposa mmene imaonekera pa zithunzi. Foloko ya njinga yothamanga nthawi zambiri ndi yaifupi kuposa ya njinga wamba, ndipo makilampu ake amaika miyendo pa mtunda wina kuchokera pakhosi, zomwe zimasintha trail ngakhale kutalika kutafanana. Tsinde la khosi ndi mabeling'i ake ziyenera kukwanira pa felemu, mahandulo asagunde thanki, ndipo wilo, ekiselo, madisiki, makalipa ndi pampu ya buleki ziyenera kugwirizana. Pa njinga yokhala ndi ABS, yomwe ndi njira yoletsa wilo kukhoma pogwira buleki, mkombero wa mano womwe kachipangizo kamawerengera liwiro la wilo uyenera kufanana ndi wakale, apo ayi kompyuta idzalandira uthenga wolakwika. Masipuling'i ndi timbale ta mkati mwa foloko yobwerayo zinakonzedwera kulemera kwa njinga yomwe yachokerako, choncho ikamangidwa pa njinga yatsopano iyenera kuyezedwa sag monga foloko ina iliyonse, ndipo nthawi zambiri imafunika kutsegulidwanso kuti iikidwe masipuling'i ena.